Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaulimi: maphunziro ndi ntchito ya alangizi a mbewu zitsatire mvula

Olemekezeka a Nduna ya Zaulimi, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, akuluakulu a sukulu zophunzitsa zaulimi, ndi mabwanamkubwa a m'maboma onse,

Ndikupereka moni mwaulemu kwa nonsenu, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha udindo wolemera umene mudasenza woonetsetsa kuti dziko lino lili ndi chakudya. Ine ndine mlangizi wa zambewu. Ndagwira ntchito pakati pa alimi ang'onoang'ono kwa zaka zambiri, ndipo ophunzira ochokera m'sukulu zaulimi akhala akutumizidwa kwa ine kuti adzaone mmene ntchitoyi imagwiridwira. Ndasankha kulemba poyera chifukwa zimene ndikunenazi zidalembedwa kale kambirimbiri m'malipoti a pamwezi popanda yankho, komanso chifukwa alimi, makolo amene akulipira fizi, ndi achinyamata amene adamaliza maphunziro koma akadali pakhomo, akuyenera kumva nawo. Dandaulo langa ndi lakuti maphunziro a katswiri wa mbewu, kulembedwa kwake ntchito, ndi ndalama zoti agwirire ntchitoyo, zonse zikuyenda pa kalendala ya mu ofesi imene sikugwirizana ndi nyengo ya kumunda, ndipo amene akulipira kusagwirizanaku ndi mlimi.

Ambiri a inu mudakulira kumudzi, choncho ndingokumbutsa mwachidule mmene chaka chathu chimayendera. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala timathandiza alimi kusosa, kupanga manyowa, kukonza akalozera ndi kuunga mizere yotalikirana masentimita 75. Ikagwa chizimalupsa timawachenjeza kuti asathamangire kubzala. Mvula yeniyeni ikayamba, kawirikawiri mu Novembala kummwera ndipo mochedwerapo kumpoto, pamakhala masiku ochepa chabe oti mbewu ilowe pansi, njere imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25, kuti pa hekitala pakhale mitengo ya chimanga pafupifupi 53,000. Feteleza wokulitsa amafunika pobzala kapena m'sabata yoyamba chimanga chikamera, wobereketsa patatha pafupifupi masabata atatu, ndipo udzu ukapambana chimanga m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira, zokolola zimene zatayika pamenepo sizibwereranso ngakhale mlimi atabandira bwino motani mu Febuluwale. Akuluakulu adati mmera mpoyamba. Uphungu umene wafika mu Malichi pa nkhani imene imafunika mu Disembala ulibenso phindu kwa mlimi m'chaka chimenecho.

Choyamba chimene chikundivuta ndi nthawi imene ophunzira amatumizidwa kudzaona ntchito. Sinditchula sukulu iliyonse, chifukwa vutoli ndi la ndondomeko yonse, ndipo aphunzitsi ambiri amene ndimawadziwa amadandaula chimodzimodzi. Wophunzira amatumizidwa kumunda pa nthawi ya tchuthi cha sukulu, ndipo tchuthi chikagwa m'chilimwe amafika m'dera langa minda ili mapesi okhaokha. Amakhala mu ofesi ya EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera) kuthandiza kulemba mayina, amapita ku dimba kangapo ngati kuli mafuta, kenako amabwerera ndi fomu yosayinidwa yonena kuti wadziwa ntchito. Ena amabwera m'dzinja koma kwa masabata ochepa, moti amaona chimanga chikumera koma osachiona chikumasula ngayaye, kapena amaona zokolola osadziwa zimene zidachitika pobzala.

Pali zinthu zimene munthu sangazidziwe kuchokera pa bolodi kapena pa chithunzi cha pa foni. Chimanga chachikasu chili ndi zifukwa zambiri. Chikasowa nayitirojeni, masamba a m'munsi ndiwo amayamba kuchita chikasu kuchokera kunsonga kutsatira mtsempha wapakati. Chikasowa salifa, amayamba ndi masamba anthete a pamwamba. Chikasowa fosiforasi, m'mphepete mwa masamba mumachita kufiira koderako. Ndipo chikakhala m'madzi ojejema chimafota ngakhale feteleza adathiridwa wokwanira. Kaufiti amayamba kuyamwa mizu ya chimanga iye asanatulukire pamwamba, moti amene amadikira kuona maluwa ake ofiira amakhala atachedwa kale. Kusiyanitsa kapuchi ndi mbozi ya ntchemberezandonda imene idalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17 kumafuna kuti munthu afunyulule nsonga ya chimanga ndi manja ake, aone chizindikiro cha pamutu pa mbozi ndi timadontho tinayi ta kumchira kwake, adziwenso kuti kupopera mankhwala dzuwa lili pamutu nkutaya ndalama chifukwa mbozizo zimakhala zitabisala mkati. Mnyamata kapena mtsikana amene sadachitepo izi pamaso pa mlimi akalembedwa ntchito amayamba kulangiza molakwika, ndipo mlimi amene wathira yureya pa chimanga chimene vuto lake lidali madzi sadzamumveranso chaka chamawa. Sikulakwa kwa wophunzirayo. Adakhoza mayeso onse amene adapatsidwa, koma palibe amene adamupatsa mpata wotsatira munda umodzi kuyambira pa kusosa mpaka pa kusunga m'matumba.

Chachiwiri ndi chakuti tikuphunzitsa anthu kenako nkuwasiya pakhomo pamene masekishoni, madera ang'onoang'ono a mu EPA oyenera kukhala ndi mlangizi wakewake, ali opanda alangizi. Sukulu ya Bunda yakhala ikutulutsa akatswiri a zaulimi kuyambira m'zaka za m'ma 1960, sukulu ya Natural Resources College (NRC) yaphunzitsa alangizi ambiri amene ali m'midzi lero, ndipo chiyambireni yunivesite ya zaulimi ya LUANAR mu 2012 chiwerengero cha omaliza maphunziro chakwera kwambiri. Komabe m'madera ambiri mlangizi mmodzi akuyang'anira mabanja a alimi oposa 1,500, ndipo mnzake wa sekishoni yoyandikana akapuma pa ntchito kapena akamwalira, amauzidwa kuti agwirizire masekishoni onse awiri mpaka mtsogolo mosadziwika. Pa nthawi yomweyo achinyamata a madipuloma ndi madigiri a zaulimi akugulitsa mayunitsi ndi kaunjika m'matauni. Ndondomeko ya boma yopereka mwayi wophunzira ntchito kwa omaliza maphunziro, imene idayamba mu 2018, idali ganizo labwino, koma ndaonapo odziwa za mbewu ataikidwa m'maofesi kusanja mafayilo, ndipo ena nthawi yawo idatha pakati pa dzinja minda yachitsanzo imene adayambitsa isanakhwime. Alimi otsogola, amene akugwira ntchito yaikulu mosalipidwa, ndimawalemekeza kwambiri. Koma mlimi wotsogola amaphunzitsa zimene iye adaphunzitsidwa, ndipo kukabwera matenda achilendo, monga chiwawu chimene chidawononga soya mu 2023, nayenso amayang'ana kwa mlangizi.

Chachitatu ndi ndalama ndi mayendedwe. Mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chidasinthidwa kuti chiziyamba mu Epulo m'malo mwa Julaye, ndipo ambiri tidayembekezera kuti tsopano zonse zofunika m'dzinja zizifika mvula isanayambe. Kumunda kuno kusinthaku sikudaoneke kwenikweni. Mbewu ndi feteleza wa minda yachitsanzo nthawi zambiri zimafika alimi atabzala kale, ndipo munda wachitsanzo wobzalidwa mochedwa umaoneka wonyozeka pafupi ndi munda wa mlimi amene sadatsate uphungu uliwonse. Pa tsiku lachionetsero anthu amaona ndi maso awo kuti njira ya boma ndiyo yalephera, ndipo phunziro limene amatenga ndi losiyana ndi limene tidafuna. Mafuta a njinga yamoto, kumene njingayo ilipo, amabwera mwa apo ndi apo, pamene Disembala ndi Januwale ndi miyezi imene mlangizi amayenera kukhala m'minda tsiku lililonse. Ambiri timapalasa njinga zathuzathu m'matope, ena amalipira kabaza kuchokera m'malipiro awo. Nyumba zambiri za alangizi m'masekishoni zidagwa kapena zimadontha, choncho mlangizi amachita lendi pa tauni yapafupi, kutali ndi alimi ake, ndipo kwa alangizi aakazi nkhani ya nyumba ndi nkhani ya chitetezo chawo.

Chachinayi chimandipweteka kwambiri chifukwa chimakhudza chikhulupiriro cha alimi pa ife. Kuyambira pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo idayamba mu 2005, nkudziwika ndi dzina la FISP, kenako nkutchedwa AIP mu 2020, mlangizi wasanduka kalaliki m'miyezi imene amafunika kwambiri m'munda. Kulemba mayina, kutsimikiza ziphaso za unzika, kuyankha madandaulo a amene mayina awo sadatuluke, kuimirira pa malo ogulitsira feteleza, zonsezi zimagwa pakati pa Seputembala ndi Disembala. Dzina la munthu likasowa pa mndandanda, munthuyo sapita ku Capital Hill. Amabwera pakhomo pa mlangizi, ndipo mawa lake sabwera ku msonkhano wophunzira za kabzalidwe. Sindikutsutsa kuthandiza alimi ndi feteleza. Chimene ndikunena nchakuti ndondomekoyi imatenga gawo lalikulu la ndalama za unduna, pamene uphungu umene umachititsa kuti thumba la feteleza libereke umapatsidwa zotsalira. Feteleza wothiridwa mochedwa, wosakwiriridwa, m'munda wa udzu, pa chimanga chobzalidwa njere zitatu kapena zinayi pa phando, amabweza pang'ono poyerekeza ndi mtengo umene dziko lalipira, makamaka kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo mtengo wa thumba utakwera kwambiri.

Chachisanu ndi chakuti tikupitiriza kulangiza dziko lonse ngati kuti ndi munda umodzi. Kwa zaka zambiri tidaphunzitsidwa kuti hekitala ya chimanga cha haibulidi imafuna makilogalamu 92 a nayitirojeni, ndipo tidanena zomwezo kwa mlimi wa pa katondo wa m'chigwa cha Lilongwe, wa pa makande a ku Chikwawa, wa pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja, ndi wa ku Mulanje kapena Nkhata Bay kumene mvula yambiri idasiya nthaka ya asidi. Pamene feteleza wokulitsa adasinthidwa kuchoka pa 23:21:0+4S kupita pa 23:10:5+6S+1.0Zn, boma lidavomereza lokha kuti nthaka yathu ikusowa potaziyamu ndi zinki, ndiye kuti ofufuza athu akudziwa zimene zili pansi. Vuto ndi mtunda umene uli pakati pa labotale ndi munda. Ku malo a kafukufuku a Chitedze, Bvumbwe ndi Lunyangwa nthaka imayezedwa, koma mlimi wa ekala imodzi alibe njira yotumizira dothi lake kumeneko, ndipo mlangizi alibe ngakhale kachipangizo kotsika mtengo koyezera asidi wa m'nthaka. Pa nthaka ya asidi wambiri fosiforasi amamangika, chimanga sichimupeza, ndipo mlimi amawonjezera feteleza pamene chimene chimafunika ndi laimu ndi manyowa.

Chimodzimodzi ndi mbewu zatsopano. Malo a kafukufuku monga Chitedze, Makoka, Lifuwu, Chitala, Kasinthula ndi Baka atipatsa zinthu zabwino: mtedza wa CG7 ndi Nsinjiro, soya wa Tikolore, nandolo wa Mwayiwathualimi, mbatata zofiira mkati monga Kadyaubwerere ndi Kaphulira. Njira yobzala soya ndi mtedza mizere iwiri ya mbewu pamwamba pa mzere umodzi, kuthira inokulanti (tizilombo tothandiza mizu kupanga nayitirojeni) pa mbewu ya soya, kusakaniza mtedza ndi nandolo kenako nkubzalapo chimanga chaka chotsatira, zonsezi zidayesedwa m'dziko lomwe lino ndipo zimagwira. Koma mlangizi amene adamaliza sukulu zaka makumi awiri zapitazo amamva za izi mwamwayi, ngati bungwe lina lomwe si la boma lili ndi pulojekiti m'dera lake. Kumene kulibe pulojekiti, kulibe maphunziro owonjezera. Zotsatira zake nzakuti EPA ziwiri zoyandikana zimapereka uphungu wosiyana, ndipo nthawi zina mabungwe awiri amauza mudzi umodzi zinthu zotsutsana, wina akuti ungani mizere, wina akuti tayani khasu, mlangizi wa boma ali pakati wopanda mphamvu zogwirizanitsa.

Nyengo nayo yasintha, ndipo izi zikukweza mtengo wa uphungu wochedwa. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 adakwirira minda ndi mchenga ndi miyala ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo alimi adafunsa zimene angabzale pa chinyontho chotsalira, funso limene limafuna yankho m'masiku ochepa. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño idachititsa kuti mu Malichi 2024 boma lilengeze kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Nthambi yoona za nyengo idachenjeza mvula isanayambe. Uphungu woyenera tidali kuudziwa: mbewu zocha msanga, ngonyeka ndi maenje osunga madzi, kuphimbira nthaka ndi mapesi, kugawa munda kuti pakhalenso mbatata, chinangwa, mapira ndi khobwe. Koma kuti uphunguwu uthandize umayenera kufika m'mudzi uliwonse mu Okutobala, mlimi asanagule mbewu, ndipo mu Okutobala ife tidali pa mndandanda wa mayina.

Chomaliza pa madandaulo anga ndi kalembera wa zokolola, amene amachitika m'magawo atatu pa nyengo iliyonse. Ziwerengero zimenezi ndi zimene boma limagwiritsa ntchito podziwa ngati dziko lili ndi chimanga chokwanira, ngati lilole kugulitsa kunja, ndi kuchuluka kwa anthu ofunika thandizo la chakudya. Zimachokera kwa ife. Mlangizi wopanda tepi yoyezera munda, wopanda sikelo, wopanda choyezera chinyontho cha chimanga ndiponso wopanda choyendera, amayeza minda yapafupi ndi msewu, yotsalayo nkungoyerekeza. Ndikunena izi mosabisa chifukwa chiwerengero cholakwika chikafika pamwamba chimaoneka ngati choona, ndipo mabanja enieni amagona ndi njala pamene pepala likunena kuti dera lawo lidakolola bwino. Ophunzira amene ali pakhomo aja akadatha kuthandiza kwambiri pa ntchito imeneyi, nkuphunziramo luso limene palibe kalasi ingawapatse.

Pa zifukwa zimenezi, ndikupempha mwaulemu zinthu izi:

1. Unduna ndi sukulu zophunzitsa zaulimi agwirizane kuti wophunzira aliyense wa zambewu, asanalandire dipuloma kapena digiri, akhale m'sekishoni imodzi nyengo yathunthu, kuyambira Okutobala mpaka Meyi, ali ndi munda wake wachitsanzo ndi gulu la alimi limene akuliyendera. Aphunzitsi ake apatsidwe mayendedwe oti akamuone m'munda, ndipo kukhoza kwake kutengerenso zimene alimi ndi mlangizi womuyang'anira aona.

2. Unduna ulengeze poyera kuchuluka kwa masekishoni opanda alangizi m'boma lililonse mwa ma ADD (zigawo zikuluzikulu zaulimi) onse asanu ndi atatu, pamodzi ndi ndondomeko ya nthawi imene malowo adzadzazidwe. Olembedwa kumene azifika pa malo awo pofika Ogasiti kuti adziwane ndi mafumu ndi alimi mvula isanagwe, ndipo kusamutsa alangizi pakati pa dzinja kulekeke pokhapokha pali chifukwa chachikulu.

3. Achinyamata a zaulimi amene ali pa ndondomeko yophunzira ntchito aziikidwa m'ma EPA ndi m'malo a kafukufuku, ndipo nthawi yawo isamathe zokolola zisanalowe m'nyumba.

4. Ndalama zoyendetsera ntchito za ulangizi zitetezedwe m'makhonsolo kuti zisamapatutsidwire kwina. Mbewu ndi feteleza wa minda yachitsanzo zizifika pofika pa 30 Seputembala, ndipo gawo lalikulu la mafuta a chaka lizitulutsidwa m'miyezi ya Novembala mpaka Malichi, pamene ntchito ndi yochuluka.

5. Ntchito yolemba mayina ndi kuyendetsa ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ipatsidwe makalaliki olembedwa mwapadera pa nthawiyo, kapena ithe pofika Julaye. Gawo lodziwika la ndalama za ndondomekoyi lipatulidwire uphungu wa kagwiritsidwe ntchito ka feteleza yemweyo.

6. EPA iliyonse ikhale ndi zipangizo zoyezera asidi wa m'nthaka, tepi, sikelo, choyezera chinyontho cha mbewu ndi choyezera mvula chogwira ntchito, komanso njira yotumizira dothi ku labotale kuti zotsatira zizibwera alimi asanagule feteleza.

7. Chaka chilichonse m'chilimwe, alangizi onse azikumana ndi ofufuza ndi akatswiri a zanyengo kwa masiku angapo, m'malo ophunzitsira alimi amene boma lili nawo kale monga Thuchila, Nathenje ndi Lisasadzi, kuti amve za mbewu zatsopano, matenda atsopano ndi ulosi wa mvula. Mabungwe onse ogwira ntchito zaulimi m'boma azipezekapo, kuti uthenga wopita kwa mlimi ukhale umodzi.

8. Nyumba za alangizi m'masekishoni zikonzedwe, kuyambira ndi madera akutali kumene malo akhala opanda munthu kwa nthawi yaitali.

Ndikudziwa kuti chuma cha dziko chili pa mavuto ndipo unduna uliwonse ukulira. Koma pempho loyamba, lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri likufuna kusintha masiku pa kalendala kuposa ndalama zatsopano, ndipo zotsalazo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi umene timalipira pogula feteleza kapena poitanitsa chimanga kuchokera kunja m'chaka cha njala. Masomphenya a Malawi 2063 adaika ulimi wopindulitsa ngati mzati woyamba, ndipo minda ikuluikulu ndi ulimi wamthirira umene ukukambidwa masiku ano zidzafuna akatswiri omwewa amene lero sitikuwapatsa mpata wophunzira m'munda.

Ndikupempha kuti yankho lanu lidze poyera monga momwe kalatayi yadzera, kudzera pa wailesi kapena m'nyuzipepala, mwezi wa Okutobala usanafike, ndipo linene zimene mwavomera, zimene mwakana ndi zifukwa zake. Aphungu a komiti ya zaulimi ku Nyumba ya Malamulo ndikuwapempha kuti afunse mafunso amenewa pokambirana ndondomeko ya zachuma. Ngati mungafune kuona nokha zimene ndalembazi, bwerani ku EPA iliyonse mu Januwale popanda kudziwitsa, ndipo mlangizi amene mudzamupeze adzakuyendetsani m'minda.

Ine wanu mwaulemu,

Mlangizi wa zambewu